Marc-Vivien Foé: mkango udagwa popanda woukhudza

Lachinayi pa 26 June 2003, dzuwa lidali litapendeka mumzinda wa Lyon m'dziko la France, koma kunja kudali kukuotchabe. Pabwalo la Gerland timu ya Cameroon inkatsogola 1-0 pamasewero ake ndi Colombia, ndipo padangotsala mphindi 18 kuti idzigulire malo m'ndime yotsiriza ya chikho cha Confederations.

Apa mpomwe wosewera wapakati wovala jezi nambala 17 adagwa pansi pakatikati pa bwalo. Padalibe womutchera mwendo, padalibe womukankha, ndipo mpira udali kwina. Anzake adayamba kukodola achipatala mwankhawa. Adamunyamula pamachira, nayesetsa kwa mphindi 45 kuti mtima wake uyambirenso kugunda bwino, koma zidakanika. Marc-Vivien Foé adatsikira kulichete ali ndi zaka 28, kusiya mkazi ndi ana atatu.

M'chaka chomwecho Neno adakhala boma payekha, kuchoka m'manja mwa Mwanza. Ana amene adabadwa chaka chimenecho tsopano ndi akuluakulu, ndipo ena mwa iwo ndi amene amathamangitsa chikopa m'mabwalo a ku Zalewa, Lisungwi, Ligowe ndi pa Boma. Dzina la Foé amangolimva kwa atsibweni awo. Koma chimene chidamugwetsa si nkhani ya ku Ulaya kokha. Madotolo amati pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 500 aliwonse ali ndi mtima wonga wake, ndipo ambiri sadziwa.

Mnyamata wa ku Yaoundé

Foé adabadwa pa 1 May 1975 m'dera la Yaoundé, likulu la Cameroon. Adakula pa nthawi yomwe mwana aliyense m'dzikolo ankalota zodzakhala Roger Milla. Pamene timu ya Cameroon, yomwe eni ake amaitcha Mikango Yosagonja, idadzidzimutsa dziko lonse pogonjetsa Argentina ndi kufika m'ndime ya matimu 8 pa chikho cha dziko lonse m'chaka cha 1990, iye adali ndi zaka 15.

Luso lake silidatenge nthawi kuti lioneke. Adadzera m'matimu ang'onoang'ono mpaka adalowa Canon Yaoundé, imodzi mwa matimu akuluakulu m'dzikolo, komwe adakweza nawo chikho cha Cameroon m'chaka cha 1993. Chaka chomwecho adavala jezi ya dziko lake koyamba pamasewero ndi Mexico.

Adali wamtali, wadzitho, wa miyendo italiitali yomwe inkadya bwalo ngati akuyeza munda. Ntchito yake idali yolanda mpira pakati, kutchinjiriza otseka kumbuyo ndi kugawira anzake akutsogolo. Mpira wam'mwamba udali wake. Ochemerera ambiri amaona ogoletsa zigoli okha, koma aphunzitsi a mpira amadziwa kuti timu yopanda munthu wotere ili ngati nyumba yopanda mzati.

M'chaka cha 1994, ali ndi zaka 19 zokha, adapita ku America kukasewera chikho cha dziko lonse, ali m'timu imodzi ndi Milla yemwe pa nthawiyo adali ndi zaka 42. Ulendowo sudayende bwino. Cameroon idalepherana 2-2 ndi Sweden, idagonja 3-0 kwa Brazil, kenaka Russia idaipyapyalitsa 6-1. Komabe Foé adasewera masewero onse atatu, ndipo matimu a ku Ulaya adamuponyera diso.

Adasankha timu ya Lens, ya m'tauni ya migodi ya malasha kumpoto kwa France. Kumeneko adakhalako zaka zoposa zinayi ndipo m'chaka cha 1998 adathandiza timuyo kutenga ligi ya France, chinthu chomwe chidali chisadachitikepo m'mbiri yake.

Mwayi ndi tsoka zidayendera limodzi

Chaka cha 1998 chikadakhala chaka chake. Alex Ferguson ankamufuna ku Manchester United, ndipo chikho cha dziko lonse chimadzachitikira ku France komwe iye ankakhala. Koma tsoka silinunkha. Ali pa zokonzekera ndi timu ya Cameroon adathyoka mwendo. Chikhocho adangochionerera, ndipo za Manchester United zidathera pomwepo.

Sadagwe mphwayi. Atachira, mu January 1999, Harry Redknapp adamugula mapaundi oposa 4 miliyoni kupita ku West Ham United mumzinda wa London. M'chaka cha 2000 adabwerera ku France kukalowa timu ya Lyon. Atangofika kumene malungo adamugwetsa, matenda omwe banja lililonse kuno likuwadziwa, ndipo adakhala nthawi ndithu asakusewera. Adadzukanso. M'chaka cha 2001 Lyon idatenga chikho cha ligi, ndipo mu 2002 idatenga ligi yeniyeni koyamba, itagonjetsa Lens, timu yake yakale, 3-1 pa tsiku lomaliza pabwalo lomwe lija la Gerland.

Ku timu ya dziko zinthu zidali kukoma. Pamodzi ndi Rigobert Song, Patrick Mboma, Geremi ndi kamnyamata kotchedwa Samuel Eto'o, Foé adakweza chikho cha Africa kawiri motsatizana. M'chaka cha 2000 adagonjetsa Nigeria pamapenate pakwawo pomwe ku Lagos. M'chaka cha 2002 ku Mali, atavala majezi odula manja omwe anthu amawakumbukirabe, adadutsa mpikisano wonse osagoletsetsa ngakhale chigoli chimodzi mpaka adagonjetsa Senegal pamapenate. M'ndime yachiwiri kwa yotsiriza, pomwe adathambitsa eni bwalo a Mali 3-0, chigoli chachitatu chidali cha Foé.

Atabwerako ku chikho cha dziko lonse cha 2002 ku Japan ndi South Korea, Kevin Keegan adamubwereka ku Manchester City. Kumeneko adadabwitsa anthu pogoletsa zigoli 9 m'chaka chimodzi, zomwe si zochepa kwa wosewera wotchinga pakati. Pa 21 April 2003, pomwe City idakuntha Sunderland 3-0, iye ndiye adamwetsa chigoli chomaliza cha timuyo pabwalo lake lakale la Maine Road isadasamuke.

Kunja kwa bwalo adali munthu wofatsa, wokonda kupemphera ndiponso wopatsa. Ndalama zake zambiri ankazitumiza kwawo, komwe adayamba kumanga sukulu yophunzitsa ana mpira mumzinda wa Yaoundé. Aliyense womuona ankaona thanzi lenileni. Adali atadutsa m'matimu akuluakulu, atasewerera dziko lake koposa ka 60, ndipo palibe ankaganiza kuti m'chifuwa chotakatacho mudali vuto.

Tsiku lomaliza

Chikho cha Confederations cha 2003 chidayamba bwino kwa Cameroon. Idagonjetsa Brazil 1-0 ndi chigoli cha Eto'o, idagonjetsanso Turkey 1-0. Pamasewero achitatu ndi America, Foé adapumitsidwa.

Masiku amenewo sankapeza bwino. Mkazi wake Marie-Louise adaulula pambuyo pake kuti mwamuna wake ankavutika ndi m'mimba komanso kutsegula. Koma masewero ndi Colombia amachitikira ku Lyon, mzinda womwe adautenga ngati kwawo, pamaso pa abale ndi abwenzi. Sadafune kumva zokhala panja.

Cameroon idapeza chigoli koyambirira kudzera mwa Pius Ndiefi. M'chigawo chachiwiri mphunzitsi wa timuyo, Winfried Schäfer wa ku Germany, adaona kuti Foé wayamba kulemera miyendo ndipo adafuna kumutulutsa. Foé adapereka chizindikiro choti apitiriza. Patangopita mphindi zochepa adagwa.

Anzake adamaliza masewerowo ndi chipambano osadziwa kuti m'chipinda cha achipatala pabwalo pomwepo moyo wa mnzawo ukutha. Chimwemwe chidasanduka maliro. Usiku womwewo, pamasewero a France ndi Turkey, Thierry Henry atagoletsa adaloza kumwamba pamodzi ndi anzake.

Osewera a Cameroon adagwirizana zosewerabe ndime yotsiriza pa 29 June pofuna kulemekeza mnzawo. France idapambana 1-0 ndi chigoli cha Henry m'nthawi yowonjezera, koma panalibe wovina. Atsogoleri a matimu awiriwo, Marcel Desailly ndi Rigobert Song, adakweza chikhocho limodzi. Mu July thupi la Foé lidaikidwa m'manda mwaulemu wa boma, pamalo omwe ankamangapo sukulu ya mpira ija.

Monga zimakhalira wamphamvu akafa mwadzidzidzi, mphekesera zidawanda. Ena ankanena za mankhwala opatsa mphamvu, ena za poizoni, ena za ufiti. Madotolo a ku Lyon atapima thupi koyamba sadapeze yankho. Atapimanso kachiwiri adalengeza kuti m'magazi mudalibe mankhwala oletsedwa, ndipo chidamupha ndi matenda okhuthalitsa mnofu wa mtima, omwe pachingerezi amati hypertrophic cardiomyopathy, mwachidule HCM.

Wophika amene amagona ndi njala

Kuti munthu amvetse chimene chidachitika, ayenera kuyamba wadziwa mmene mtima umadyera. Mtima ndi mnofu waukulu ngati chibakera cha mwini wake. Uli ndi zipinda zinayi ndipo umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku. Munthu akakhala phee umapopa malita pafupifupi 5 a magazi pamphindi, koma akamathamanga kwambiri umapopa malita 20 kapena kuposa.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale magazi onsewo amadutsa m'zipinda zake, mtima sudya za m'zipindamo. Uli ndi mitsempha yakeyake iwiri ikuluikulu imene imaphuka patsinde pa mtsempha waukulu wotulutsa magazi. Iwiriyi imayanga pamwamba pa mtima, n'kugawikana kukhala timitsempha ting'onoting'ono tolowa mkati mwa mnofu. Timeneti ndi timene timapereka chakudya ndi mpweya wa okosijeni.

Komanso mtima sudya nthawi ina iliyonse. Pamene ukufinya kuti ukankhe magazi kupita m'thupi, umapananso timitsempha take tomwe, monga momwe chinkhupule chofinyidwa m'manja sichingamwe madzi. Magazi ambiri amalowa mumnofu wake pakanthawi kochepa kamene wamasuka, pakati pa kugunda kumodzi ndi kwina. Uli ngati mayi wophika pa ukwati, amene amapakulira khamu lonse koma iye amangotapa mbamu pamene wapeza mpata wokhala pansi.

Minofu ina ya thupi imasunga mpweya wapadera m'magazi odutsa, woti itape ntchito ikakula. Mtima ulibe mwayi wotero. Ngakhale munthu ali gone, umakhala utatapa kale pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a okosijeni wa m'magazi ofika kwa iwo. Choncho ntchito ikachuluka, njira yokha ndi yakuti timitsempha tija titakasuke kuti magazi achuluke. Mwa munthu wabwinobwino amatha kuchuluka kanayi kapena kasanu.

Mwa munthu wa HCM dongosolo lonseli limasokonekera. Khoma la chipinda chachikulu chakumanzere, makamaka chipupa chogawa mtima pakati, limakhuthala mopyola muyeso. Mwa munthu wamkulu khomali limakhala pafupifupi sentimita imodzi. Madotolo amayamba kukayikira matendawa likafika mamilimita 15, ndipo mwa ena limafika mamilimita 30.

Munthu angaganize kuti mnofu wochuluka ndi mphamvu zochuluka, koma si choncho. Choyamba, mnofu wochulukawo umafuna chakudya chambiri pomwe timitsempha sitidachuluke molingana nawo. Chachiwiri, makoma a timitsemphato nawo amakhuthala, njira ya magazi n'kuchepa, ndipo sititakasuka mokwanira pakafunika. Mlimi wa kudimba m'mbali mwa Lisungwi kapena Wamkulumadzi akudziwa chimene chimachitika munda ukakula kawiri koma ngalande n'kukhala zomwe zija, zinanso zitadzaza matope: mbewu zakumapeto zimafota ngakhale mtsinje uli wodzaza. N'chifukwa chake wodwala HCM amatha kumva kupweteka pachifuwa ngakhale mitsempha yake ikuluikulu ili yoyera, yopanda mafuta otsekereza.

Chachitatu, khoma lokhuthala limauma gwa, silimasuka msanga, motero kanthawi kodyera kaja kamachepa. Chachinayi, mwa odwala ambiri chipupa chotupacho chimatchinga pakhomo potulukira magazi, ndipo mtima umakakamizika kufinya mwamphamvu kwambiri kuti magazi adutse.

Tsono munthu wotere akamathamanga, mtima umagunda katatu kuposa nthawi zonse. Njala yake imakula pomwe mpata wodyera ukucheperachepera. Kukatentha, thukuta likachuluka, kapena munthu akataya madzi kaamba kotsegula m'mimba, magazi obwerera kumtima amachepa ndipo khomo lija limapanikizika kwambiri. Izi ndi zina mwa zinthu zimene madotolo amachenjeza anthu a mtima wotere kuti azipewe.

Mnofu ukamanidwa mpweya mobwerezabwereza, tizigawo tina timafa n'kusiya zipsera. Kugunda kwa mtima kumayendetsedwa ndi timphamvu ta magetsi timene mtimawo umapanga wokha. Timphamvuti tikakumana ndi zipsera komanso minyewa yosalongosoka, titha kusochera. Mtima umasiya kugunda n'kuyamba kungonjenjemera, osapopanso magazi. M'masekondi ochepa munthu amagwa, ndipo popanda thandizo ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi zochepa.

Matenda akumtundu

Matendawa adafotokozedwa momveka bwino m'chaka cha 1958 ndi Donald Teare, dotolo wopima mitembo pachipatala cha St George's ku London, ataona mitima yokhuthala mbali imodzi mwa achinyamata omwe adafa mwadzidzidzi. Kuchokera apo akatswiri adapeza kuti nthawi zambiri HCM ndi yakumtundu. Ngati bambo kapena mayi ali ndi mbewu ya matendawa, mwana aliyense wobadwa kwa iwo ali ndi mwayi theka woitengera, kaya ndi wamwamuna kaya wamkazi. Kawirikawiri khoma limayamba kukhuthala mwana akamasinkhuka.

Si mtima wokhuthala uliwonse umene uli HCM. BP yokwera kwa zaka zambiri imakhuthalitsanso mtima, ndipo masewero olimbitsa thupi amaukulitsa pang'ono mosavulaza. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya achipatala. Sikutinso aliyense wa HCM adzafa ali wamng'ono. Ambiri amakhala moyo wautali mpaka kukalamba, ena osamva chilichonse. Imfa yadzidzidzi imagwera ochepa, koma imakonda achinyamata, nthawi zina popanda chenjezo. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma.

Komabe nthawi zambiri thupi limalankhula. Kukomoka kapena chizungulire pothamanga, kupweteka kapena kuthina pachifuwa pokwera phiri, befu woposa wa anzako amsinkhu umodzi, mtima kugunda mwachisawawa ngati ukufuna kutuluka, komanso mbiri ya wachibale amene adafa mwadzidzidzi asadafike zaka 50, zonsezi ndi zizindikiro zosafunika kuzinyozera.

Zimene imfa yake idasintha

Patangopita miyezi 7, pa 25 January 2004, Miklós Fehér wa ku Hungary, wosewera wa Benfica, adagwa pabwalo ku Portugal n'kumwalira ali ndi zaka 24, nayenso kaamba ka HCM. M'chaka cha 2007 anansi athu a ku Zambia adalira Chaswe Nsofwa, yemwe mtima wake udaima ali pa zokonzekera ndi timu yake ku Israel.

Imfa zoterezi zidagwedeza akuluakulu a mpira. Pofika chikho cha dziko lonse cha 2006, bungwe la FIFA lidakhazikitsa dongosolo loti osewera azipimidwa mtima mpikisano usadayambe. M'chaka cha 2013 lidayamba kugawira mabungwe a mpira a m'maiko zikwama za chithandizo chamsanga, momwe mudali kamakina kodzidzimutsa mtima ndi magetsi kuti ubwerere m'chimake.

Phindu lake lidaoneka. Pa 12 June 2021, Christian Eriksen wa ku Denmark adagwa ngati mmene adagwera Foé, pamasewero ndi Finland. Achipatala adayamba kumupsinja pachifuwa pompopompo ndi kugwiritsa ntchito kamakina kaja. Adatsitsimuka, ndipo chaka chotsatira adabwerera m'bwalo. Mu October 2022, Enock Mwepu wa ku Zambia adasiya mpira ali ndi zaka 24 madotolo atamupeza ndi vuto la mtima lakumtundu ali ku Brighton. Zidali zowawa, koma adalidziwa vutolo ali moyo.

Dzina la Foé silidaiwalike. Manchester City idapumitsa jezi nambala 23 yomwe ankavala. Lens ndi Lyon zidachita chimodzimodzi ndi nambala 17, ngakhale kuti mu 2008 Lyon idalola Jean Makoun, mnzake wa ku Cameroon, kuti aivale pomukumbukira. Kuyambira 2009, wosewera wa ku Africa amene wachita bwino koposa mu ligi ya France amalandira mphotho ya dzina lake. Chomvetsa chisoni n'chakuti ntchito yomanga sukulu yake ija idaima mwini atapita, ndipo kwa zaka zambiri malowo adamera tchire.

Phunziro kwa mabanja a ku Neno

Kumudzi, mnyamata akakomoka pabwalo, kawirikawiri amamukokera pamthunzi, kumuthira madzi, akatsitsimuka n'kumubwezanso m'masewero. Ena amati ndi njala, ena amati timu inayo yamuchita juju. Akamwalira, banja limayamba kulozana zala, ndipo agogo osalakwa amatha kunamiziridwa ufiti. Pakafanso wachiwiri m'banja lomwelo, chidani chimakula, pomwe chimene chikuyenda m'banjamo ndi magazi akumtundu. Nkhani ya Foé ikusonyeza kuti ngakhale katswiri wodya bwino, wozunguliridwa ndi madotolo a ku Ulaya, atha kugwa yekha popanda womulodza.

Anthu a ku Neno ali ndi poyambira. Kuyambira m'chaka cha 2007, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lidayamba kugwira ntchito limodzi ndi unduna wa zaumoyo m'bomali. M'chaka cha 2018, pachipatala chachikulu cha Neno ndi cha Lisungwi padatsegulidwa makiliniki a matenda aakulu osapatsirana, kuphatikizapo a mtima, komwe achipatala adaphunzitsidwa kuunika mtima ndi makina a sikani, ofanana ndi omwe amaunikira amayi oyembekezera. Makina otere amaonetsa kukhuthala kwa khoma ndi mmene magazi akutulukira, ndipo palinso ena otchedwa ECG olemba mayendedwe a magetsi a mtima. Zonsezi sizipweteka. Ofunika akatswiri amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Amene ali ndi zizindikiro zija ayambe wasiya masewero olemetsa mpaka ataonedwa. Mmodzi akapezeka ndi HCM, makolo ake, abale ake a bere limodzi ndi ana ake nawonso apimidwe, ndipo ana azibwerezedwa pamene akukula. Safunsa adadya phula. Kupimitsa kumathandizanso kupeza matenda ena a mtima ofala kwambiri m'Malawi, monga oyamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa bwino ndi a BP.

Mankhwala ochiziratu HCM palibe, koma othandiza alipo. Ena mwa iwo, monga atenolol ndi propranolol, amachepetsa liwiro la mtima kuti upeze mpata wokwanira wodzaza ndi wodya. Awa ndi oyenera kulemberedwa ndi dotolo, osati ogula pagolosale. M'maiko olemera, amene ali pachiopsezo chachikulu amawaika kamakina pansi pa khungu kodzutsa mtima ukasokonekera, ndipo ena amawachita opaleshoni yosenga chipupa chija. Madotolo amakono salamulanso wodwala kungokhala. Kuyenda, kupalasa njinga modekha ndi ntchito zopepuka n'zabwino, bola kumwa madzi okwanira ndi kukambirana ndi achipatala za masewero ampikisano.

Kwa aphunzitsi a matimu ndi a m'sukulu, lamulo ndi losavuta. Wosewera amene akutsegula m'mimba, akutentha thupi kapena wangodzuka kumene pa malungo asalowe m'bwalo, ngakhale atachonderera bwanji. Ndipo wosewera akagwa popanda womugunda, osayankha akamaitanidwa, osapuma bwino, aganiziridwe kuti mtima waima. Nthawi zina amaphupha ngati wa khunyu kapena kupuma mobanika, koma izi zisapusitse anthu.

Pamenepo si pomuthira madzi, kumupemerera ndi jezi kapena kumuika supuni m'kamwa. Agonekedwe chagada pamalo olimba. Munthu mmodzi aike chikhatho pakati pa chifuwa, china pamwamba pake, n'kupsinja mwamphamvu masentimita 5, ka 100 mpaka 120 pamphindi, osalekeza, kumalandizana ndi ena akatopa, pomwe wina akuthamangira galimoto ndi achipatala. Mphindi iliyonse yodutsa popanda kutero imachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mwayi wopulumuka. Manja amenewa ndi amene amakankhira magazi ku ubongo ndi kumtima womwewo mpaka thandizo litafika.

Foé adali mwana amene kholo lililonse lingamunyadire: wolimbikira, wosadandaula, wothyoka mwendo n'kudzukanso, wodwala malungo n'kubwereranso. Khalidwe lomwelo ndi limene lidamuchititsa kukana kutuluka pamene mphunzitsi wake adamuona kuti watopa. M'midzi ya Neno muli anyamata ndi atsikana ambiri otere, osenza matumba a kachewere ndi manachesi m'mapiri, othamanga mphindi 90 pabwalo la fumbi, amene amachita manyazi kunena kuti pachifuwa pakuwawa. Mwana wotere akadzayerekeza kunena, ngakhale kamodzi kokha, makolo amumvere ndi kupita naye kuchipatala.